Chombo cha Pabalaza

A Elísio anakhala zaka makumi atatu ndi zinayi m'mudzi wa akazi awo, m'munsi mwa phiri la Domwe, ndipo zaka zonsezo palibe anawakumbutsapo kuti ndi mkamwini. Ungamukumbutse bwanji munthu amene anakhoma chitseko cha nyumba yako, amakukonzera ngolo ikathyoka ndi matumba a kachewere, ndiponso ndiye anapala bokosi limene unaikiramo amayi ako? Koma a Lucinda, akazi awowo, atamwalira mvula itangoyamba, mudzi unayamba kukumbukira. Awiriwa analibe mwana. Mkamwini wopanda mwana, mkazi akatsogola, alibe chomugwira mwendo.

Chimanga chitalowa m'nkhokwe, kunabwera a Patrisio, mlongo wawo wa malemu, amenenso anali mwini mbumba. Anakhala pakhonde m'mawa kukuzizira, manja ali m'khwapa. Anayamba ndi kukwera mtengo kwa fetereza, anadzera pa ng'ombe yawo yotsimphina, kenako anafika kumene ankapita. Mwambo wosudzula udzachitika pakatha masabata atatu, tsiku Loweruka, choncho a Elísio atumize mawu kwawo, cha ku Ulongwe, kuti ankhoswe awo adzabwere. M'nyumbamo mudzalowa Dalila, mwana wa a Inácia, mng'ono wa malemu, poti ukwati wake wayandikira. Katundu wa malemu adzagawidwa tsiku lomwelo: makina osokera kwa a Inácia, zovala ndi nsalu zonse kwa azimayi a pabanja. Zida zaumisiri n'za a Elísio, palibe adzazikhudze.

"Nanga chombo?" anafunsa a Elísio.

A Patrisio anasuzumira pakhomo, napukusa mutu monga ankachitira nthawi zonse akachiona. "Chimenecho tengani, alamu. Angalimbirane nanu ndani?"

Chombocho chinali chitadzaza pabalaza. M'litali chinkapitirira mamita atatu, milongoti yake itatu inkalingana ndi munthu wamtali, ndipo alendo ankalowa cham'mbali, msana ukukhula khoma. Kuno kumapiri kulibe madzi oti chinthu chotere n'kuyandamapo, kupatula zithaphwi za kudimba, ndipo a Elísio nyanja ya mchere ankangoimva. Kutali kumene anafikako ndi ku Tete, kumene anayang'ana mtsinje ali pamlatho mpaka anachita chizungulire.

Zonse zinayamba ndi jekete. A Lucinda ankasoka pamsika wa Domwe, kuchepetsa ndi kukulitsa zovala za kaunjika, zimene kuno timati kalamidade. Tsiku lina m'thumba lam'kati la jekete lalikulu anapezamo mapepala anayi opindapinda, ojambulidwa chombo cham'mbali, chapamwamba ndi chakutsogolo, manambala ali mbwee. Apulofesolo ena, aphunzitsi a pasukulu, anawerenga zolembedwazo nafotokoza kuti chinali chombo chakalekale cha mtundu wotchedwa kilipa, chimene chinkanyamula tiyi kuchokera ku China kupita ku Ulaya injini zisanafale, chikuthamanga ndi mphepo yokha. Sentimita imodzi papepala inkaimira masentimita makumi asanu a chombo chenichenicho. A Elísio anayang'ana mapepalawo masiku atatu. Moyo wawo wonse anali atapala zinthu za ngodya zinayi, zitseko, matebulo, mabokosi, ndipo ataona mizere yokhota bwino ija manja anayamba kuyabwa kuti apale chofanizira chake.

Amene anati achikulitse anali a Lucinda. Anati zala za amuna awo n'zonenepa ngati chinangwa, sizingagwire tinthu tating'ono chotere, ndiye muyezo uliwonse wa papepala aziuwirikiza kawiri. A Elísio anayeza mimba ya chombo ndi msinkhu wa milongoti poyerekeza ndi khomo, naona kuti zidzadutsa, basi za khomo sanaziganizenso.

Zinawatengera zaka zisanu ndi zitatu. Msana unali wa mlombwa, nthiti za mkungudza, milongoti ya bulugamu wouma, ndipo timatabwa ta m'mbali ankativiika m'madzi otentha kuti tikhote osathyoka. Ankagwira akaweruka pa ntchito za anthu, ndi Lamlungu akachokera ku Misa. Woyeza anali a Lucinda, poti maso awo anali akuthwa. Fita yawo yachikasu yoyezera zovala ili m'khosi, ankatchula manambala, amuna awo n'kumadula. Amuna awowo ankawatcha akapitawo, ngati woyendetsa chombo. M'mudzimo anthu ankati anzawo akulera adzukulu, awa akulera chombo. Ankanena moseka, koma sankanama.

Panali chinthu chimodzi chokha pamapepalapo chimene a Elísio anakana kutsatira. Mitanda yopingasa pamilongoti, imene amapachikapo matanga, nsalu zogwira mphepo, inajambulidwa yolumikizidwa ndi kachitsulo kuti izitha kutembenuka kutsata mphepo. A Elísio anati ayi. Kwa mmisiri wa kuno chinthu chogwedera ndi manyazi. Tebulo logwedera amakubwezera, ndipo mtanda wa denga wogwedera umapha anthu. Choncho anaboola mlongoti uliwonse, nalowetsamo mtanda, napaka kola yomatira matabwa, nakhomera ndi chikhomo cha nsungwi, mpaka munthu akanatha kupachikapo jekete. A Lucinda anayang'anitsitsa ntchitoyo, nati, "Limbitsani ndithu, akapitawo."

Matanga anasoka a Lucinda, makumi atatu ndi awiri, a nsalu zakale za pabedi zimene anaziviika m'tiyi kuti zisayere mbee. Lililonse linali ndi mpendero wake ndi timabowo tosokerera m'mphepete. Anayamba ali bwino, anapitiriza akutsokomola, omalizira anasokera pamkeka atatsamira khoma. Palibe ngakhale limodzi linali litakwera pachombo. Anagwirizana kuti adzapachika onse tsiku limodzi, iwo akadzapeza bwino, ndipo tsikulo silinafike. Matangawo anatsala m'dengu la nsalu kuchipinda, ndipo dengulo tsopano linali katundu wa malemu.

Apa ndi pamene panagona nkhani. A Elísio anali atamva kale azakhali ena akunena kuti tinsalu tija n'tabwino kusefera mkaka ndi kuvundikira mabotolo. Akangokhuthula dengulo pamkeka, matanga adzamwazikana m'nyumba khumi, ndipo munthu akasudzulidwa sabwereranso kudzapempha kanthu. Nyumba anali atailekerera, munda nawonso, koma ntchito yomaliza ya manja a akazi awo mtima unakana kuitaya.

Anapita kwa a Inácia, nawapeza akusankha mbewu ya kachewere kuseri kwa khola. Anazungulirazungulira, mawu akuwavuta, mpaka anatulutsa zimene anabwerera. A Inácia anamvetsera osadzutsa mutu.

"Alamu, ine sindingakupatseni kanthu m'dengumo tsiku lisanafike. Anganene kuti ndayamba kugawa ndekha. Koma chili m'dengu n'cha dengu, chili pachombo n'cha chombo. Ndipo palibe anawerenga tinsaluto."

A Inácia anatsegulanso pakamwa ngati pali china chotsala, koma anangotola kachewere wina namuponya pamulu wa woola.

Inali nyengo yozizira. Nkhungu inkatsika kuphiri n'kukhala mpaka dzuwa litakwera, m'nyumba muli mdima, zala zitauma gwa. A Elísio ankadikira kuti kuwala kufike pazenera, n'kuyamba. Kupala thabwa n'kwina, kulowetsa ulusi pakabowo kochepa ngati diso la mwanapiye n'kwinanso. Thanga lililonse linkafuna mfundo khumi ndi ziwiri kapena kuposa, ndi tizingwe take totsikira m'munsi, kalikonse pamalo pake. Tsiku loyamba anapachika limodzi lokha, nalimasulanso atazindikira kuti alipachika mozondoka. Magalasi awo ogula pamsika ankatsetsereka pamphuno. Ankakwera pampando kuti afike pamwamba, ndipo akatsika msana unkakana kuwongoka. Kangapo anatembenuka kuti afunse nambala, napeza kuti akufunsa khoma.

Anatopa. Sikunali kutopa kwa munthu wochokera kumunda, kumene kumatha ndi tulo, koma kutopa kodzuka nako m'mawa. Masiku ena ankakhala pansi ulusi uli m'manja, akudzifunsa kuti munthu wa imvi akuvutikiranji ndi chidole, ndipo kwawo kuja, kumene anachokako tsitsi lili bii, akachiika m'nyumba ya yani. Kenako ankangotolanso ulusi. Obwera ndi mipando yothyoka ankabwezedwa pakhomo, ndipo ena anayamba kunong'onezana kuti imfa yawazunguza mutu akuluwa. Chakudya chimene a Inácia ankatumiza chinkazizirira pamalo pamene achiika. Sabata yoyamba itatha anali atapachika asanu ndi awiri okha, ndipo atawerenga masiku otsala anagwira m'chiuno. Koma zala zinayamba kuphunzira, monyinyirika ngati ng'ombe yatsopano pagoli, ndipo sabata yachiwiri zinkapachika awiri patsiku.

Lachisanu lomaliza, dzuwa likupendeka, m'dengu munatsala kathanga kamodzi, ka pamwamba penipeni. Mpendero wake unali wosokedwa mbali zitatu. Mbali yachinayi singano inali ikadali yobaya pansalu, itachita dzimbiri, ulusi ukulendewera. A Elísio anaganiza zomaliza okha, koma anayang'ana misoko ya akazi awo, yolingana ngati mano a chipeso, nayang'ananso zala zawo. Anazula singanoyo nakapachika choncho. Kenako anabwerera chambuyo mpaka pakhomo kuti achione chonse. Kamphepo kolowera pazenera kanagwedeza matanga onse pamodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chinthucho chinaoneka ngati chikupita kwinakwake. Chinali chokongola, ndipo analibe womuitana kuti adzaone. Zinawapweteka kuposa tsiku la maliro.

Loweruka m'mawa kunafika Tarsisio, mng'ono wawo amenenso anali nkhoswe yawo, ndi ngolo ya ng'ombe ziwiri. Anali atachotsa thabwa lakumbuyo n'kuyalamo udzu ndi masaka, monga anamuuzira. Mwambo sunatenge nthawi. Anakhala pansi pa mtengo wa pichesi wothothoka masamba, mbali ziwiri moyang'anana. A Patrisio anayamikira kuti mudzi unapeza mkamwini wosadziwa ndewu, wosagona m'njira ndi mowa, wosamala mkazi mpaka mapeto. Mkulu wina anaponyapo mwambi woti mlendo ndi mame, ndipo palibe anafunsa kuti ndi mame anji okhala zaka makumi atatu ndi zinayi osakamuka. Nkhuku inadyedwa, mawu ananenedwa: tawamasula, apite kwawo mwamtendere, akafuna kukwatira akwatire. Azimayi anakhuthula dengu pamkeka. Azakhali aja anafufuza mpaka pansi pa mulu wa nsalu, nayang'ana a Inácia, a Inácia nayang'ana kuphiri.

Tsono inakwana nthawi yotulutsa chombo. Amuna anayi analowa nachinyamula, a Elísio ali kutsogolo akuyenda chambuyo, akulangiza. Mphuno yake yaitali, yosongoka, inatuluka padzuwa, anthu panja naimirira kuti aone. Mimba inayamba kudutsa bwinobwino. Kenako kunamveka kuti gu! Mtanda wam'munsi wa mlongoti woyamba unali utagunda mphuthu za khomo, mbali iyi ndi mbali iyo. Anabwerera m'kati, nachipendeketsa, mlongoti nugunda pamwamba. Anayesa kutulutsa kaye nsonga imodzi ya mtanda, kumbuyo kwa chombo n'kugunda khoma. Tarsisio anafunsa ngati mitandayo siitembenuka, naukankha umodzi ndi chikhatho. Sunagwedere ngakhale pang'ono, poti inali ntchito ya mmisiri.

Anthu anaseka. Akanaleka bwanji? Mmisiri amene anakhoma khomolo ndi manja ake, wamanga chinthu chosatuluka pakhomo lomwelo. A Elísio anaima manja ali lende, manyazi atawagwira mpaka m'makutu. Ankawerengera mumtima: khomo masentimita 70, mtanda waukulu 96. Nambala yachiwiriyo anaimva pakamwa pa a Lucinda zaka zija, nangodula osaganiza.

A Inácia sanaseke. Anasiya makina osokera pamkeka nabwera pafupi. Analankhula motsitsa, koma a Patrisio anali pomwepo.

"Achemwali ankadziwa, alamu. Anandiuza akudwala. Anati, 'Akapitawo ndawamangirira. Chombo chawo sichidzatuluka m'nyumba muno, ndipo iwo sangachisiye. Mudzatopa nawo, mudzawaleka akhale.'" Kenako anatembenukira kwa mlongo wawo, ngakhale nyumbayo inali yoti alowemo mwana wawo yemwe. "Achimwene, mwamva."

Kuseka kunatha. A Patrisio anavula chipewa nakanda m'mutu nthawi yaitali. Sanali munthu woipa. Anali munthu wotopa, wa mbumba yaikulu ndi nyumba zochepa. Anati amva, ndipo malemu mlongo wawoyo anali wochenjera kuyambira ali mwana, koma nkhuku yadyedwa, mawu anenedwa pamaso pa ankhoswe, ndipo madzi akatayika saoleka. Atatero anatuma munthu kukatenga nyundo yaikulu ndi chitsulo chozulira. Azule mphuthu, agumule njerwa pang'ono mbali iyi ndi mbali iyo, chombo chidutse, ndipo mwamuna wa Dalila adzakonza yekha.

Pamenepo a Elísio anamvetsa zonse. A Lucinda anayeza bwino khomo, mtanda ndi mtima wa amuna awo, koma anaphonya chimodzi. Abale awo anali okonzeka kugumula khoma kusiyana ndi kusunga mkamwini.

Nyundo itafika, a Elísio anaima pakhomo, dzanja lili pamphuthu imene anaipala okha ali mnyamata.

"Musagumule. Bwezerani m'kati, pamalo pake."

Tarsisio anawakokera pambali. Anawakumbutsa zaka zisanu ndi zitatu, anawakumbutsa masabata atatu a chisanu, anati ngolo wabwera nayo kutali ndipo ng'ombe sizinadye. Ataona kuti sakumva, anatulutsa mpeni nati basi adule matanga okha, apinde, aike m'thumba, poti n'zimene ankavutikira.

"Anasokera chombo, sanasokere thumba," anatero a Elísio. "Mwini wake anati chisatuluke. Ine ndalephera kukhala. Chimodzi mwa ife chikhale."

Amuna anayi aja anachibwezera pamalo pake osayang'anana. A Inácia analonjeza kuti iwo ali moyo palibe adzachikhudze. A Elísio anathokoza. Ankadziwa kuti banja latsopano limafuna pabalaza poika mipando, kuti ana adzabadwa ndi manja awo osamva, ndi kuti chaka china mlombwa uja udzaoneka ngati nkhuni zabwino. Koma limenelo linali tsiku lina, ndipo analibe mphamvu zoliganizira.

Anakweza bokosi la zida, bulangete ndi kachikwama ka zovala. Katundu wa zaka makumi atatu ndi zinayi sanadzaze ngakhale ngodya imodzi ya ngolo. Akutsanzikana, a Inácia anawagwira dzanja ndi manja awiri, nasiyamo kanthu kokulunga.

"Iyi yabwera ndi makina. Ndi yanga tsopano, ndingapatse amene ndafuna."

Inali fita yachikasu ija.

Ngolo inatuluka m'mudzi, nidutsa m'madimba mmene anthu ankathirira kachewere. Ena anawongoka nakweza manja, ena anachita ngati sakuona. Msana unkawawa, choncho a Elísio anagona chagada paudzu umene anayalira chombo, mapazi akulendewera kumbuyo. Tarsisio ankangoyankhula ndi ng'ombe.

Atafika pamsewu waukulu wopita ku Ulongwe, a Elísio anatambasula fitayo pang'onopang'ono. Manambala ena anali atafufutika ndi zala. Pa 70 panali mfundo ya ulusi wofiira, yosokerera m'mphepete. Anapitiriza kutambasula, napeza ina pa 96. Anaika chala chachikulu pamfundo yoyamba natambasula dzanja, koma chala chapakati sichinafike pa yachiwiriyo. Anayandikitsa fitayo kumagalasi kuti aone bwino. Ulusiwo unali wosuluka, wakalekale, wa masiku amene a Lucinda anali asanayambe n'komwe kutsokomola.

Anaikulunganso, naiika m'thumba la malaya, nauza Tarsisio kuti asamenye ng'ombe, poti palibe chimene akuthamangira.